Phunziro 12: Amayi Amapeka, Amayi Alembe

M'maphunziro apitawa taphunzira kulemba maina athu, kuwerenga kalata ndi kuwerengera ndalama za mbatata tikapita kumsika. Lero tikambirana funso limene timalimva pabwalo, pachitsime, ngakhale muno m'sukulu yathu ya akuluakulu. Funsolo ndi ili: kodi munthu wamayi angathe kulemba buku?

Alipo anzathu amene amati ayi. Iwo amati kupeka nkhani ndi ndakatulo ndi nzeru ya abambo, ndipo nzeru ya mkazi imathera pamafuwa. Amayi enanso amavomereza zimenezi chifukwa adazimva kuyambira ali ana. Tisakangane msanga. Mlimi wanzeru sataya mbewu asanaiyese m'munda. Ifenso tiyeni tiwayese mawu amenewa poona zimene zimachitika kwathu kuno ku Ntengo-Wambalame, ndiponso zimene zidachitika m'dziko lathu la Mozambique.

KUPEKA NDI KULEMBA

Choyamba tisiyanitse mawu awiri. Kupeka ndi kutulutsa mumtima nyimbo, nthano kapena ndakatulo imene panalibe kale. Kulemba ndi kuika mawuwo papepala kuti asaiwalike. Munthu angathe kulemba zilembo zokongola koma osadziwa kupeka. Wina angathe kupeka zokoma koma osadziwa kugwira cholembera. Buku limabadwa pamene ziwirizi zakumana.

Tsono tidzifunse: kodi m'midzi mwathu muno amapeka ndani?

PAMTONDO

Tonsefe tidakula tikumva amayi akuimba pokonola chimanga. Amayi awiri kapena atatu amaima pamtondo umodzi, misi ikusinthana. Mmodzi amatsogolera nyimbo, enawo amavomera. Nyimbo zimenezi sizidagwe kumwamba ndi mvula. Adazipeka ndi amayi.

Tikumbukire zimene nyimbozo zimanena. Ina imadandaula za mwamuna amene wamwera ndalama zonse za mbatata. Ina imanena za apongozi olongolola. Ina imalira mwamuna amene adapita ku Halale kapena ku Joni, osatumiza ngakhale kalata. Ina imaseka nsanje ya pamitala. Woimbayo satchula dzina la munthu, koma mudzi wonse umamva, ndipo mwini nkhani amadziwa kuti akunena iye. Mawu amene mayi sakadatha kuwalankhula pabwalo amawatulutsa pamtondo popanda womuimba mlandu.

Kupeka nyimbo yotere si ntchito yamasewera. Mawu ayenera kugwa pamodzi ndi munsi. Akatalika, nyimbo imapunduka. Wopekayo ayenera kusankha mawu ochepa onyamula nkhani yaikulu. Ayeneranso kuphiphiritsa kuti ana asamve zonse, koma akulu amve. Izi ndi zomwezo zimene wolemba ndakatulo amachita akakhala patebulo ndi pepala lake.

Si pamtondo pokha ayi. Madzulo, ntchito itatha, kawirikawiri ndi agogo aakazi amene amati, "Padangotero," ana n'kuyankha kuti, "Tili tonse." Nthano ya Kalulu amaidziwa anthu ambiri, koma gogo aliyense amaikometsa mwa njira yake. Wina amasintha mawu polankhulira Fisi, wina amawonjezera kanyimbo. Nyimbo zotonthozera mwana, nyimbo za chimtali, nyimbo za pamaliro ndi nyimbo za anamkungwi polanga anamwali zili m'kamwa mwa amayi. Ngakhale pa gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia, gule sakoma amayi akapanda kuimba ndi kuwomba m'manja.

Kutsidya kwa malire, m'mapiri a Chongoni m'boma la Dedza, muli malo 127 amene anthu akale adajambula pamiyala. Bungwe lomwelo la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Akatswiri ofufuza zakale adapeza kuti zina mwa zojambula zoyera za kumeneko ndi za chinamwali cha atsikana. Amayi ankazigwiritsa ntchito pophunzitsa anamwali. M'chinenero chathu mawu akuti "kulemba" satanthauza zilembo zokha. Timati kulemba pakhoma, kulemba mbiya, kulemba pansi. Motero tingathe kunena kuti amayi a mtundu wathu adayamba kulemba pamwala pepala lisanafike kuno.

NANGA BWANJI MAINA A AMAYI SACHULUKA PA MABUKU?

Tikayang'ana mabuku akale a Chichewa amene adatchuka, tipeza maina a abambo. Samuel Josia Ntara adalemba Nthondo, limene lidatuluka mu 1933. John Gwengwe adalemba Sikusinja ndi Gwenembe. E. J. Chadza adalemba Kokha Mcheperawakalulu. Ndi mabuku okoma ndithu. Koma ngati amayi amadziwa kupeka, chidawaletsa kulemba n'chiyani? Tipeza zifukwa zitatu.

Chifukwa choyamba ndi sukulu. Pa nthawi ya atsamunda Achipwitikizi sukulu za anthu akuda zidali zochepa. Zambiri zidali za amishoni, ndipo ankaphunzitsa m'Chipwitikizi. Pamene dziko lathu lidalandira ufulu mu 1975, mwa anthu 10 aliwonse, 9 sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Banja likapeza mwayi wotumiza mwana mmodzi kusukulu, linkatumiza mnyamata. Mtsikana ankatsala kulera ana ndi kuyembekezera ukwati. Boma lidayamba ntchito yaikulu yophunzitsa akuluakulu mu 1978, koma nkhondo imene idatha mu 1992 idagwetsa sukulu zambiri, ndipo anthu ochuluka a kuno adathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Chilonda chimenechi sichidapolebe. Kalembera wa 2017 adaonetsa kuti pafupifupi theka la amayi a m'dziko muno sankadziwa kuwerenga, pamene kwa abambo chiwerengerocho chidali chongopitirira pang'ono mmodzi mwa anayi.

Chifukwa chachiwiri ndi nthawi. Tiwerenge ntchito za mayi kuyambira tambala woyamba. Amasesa, amatunga madzi, amapita kumunda pamodzi ndi mwamuna. Pobwerera amasenza nkhuni, mwana ali kumbuyo. Akafika amathyola ndiwo, amaphika, amatsuka mbale, amasambitsa ana. Bambo akabwera kumunda amapeza mpata wokhala pansi. Mayi amakhala pansi pamene tulo tamugwira kale. Nyimbo imatheka kuipeka manja ali pantchito, ndipo n'chifukwa chake amayi adapeka nyimbo zambiri. Koma kulemba kumafuna kuti manja akhale opanda kanthu. Mu 1929 mlembi wina wamkazi wa ku England, dzina lake Virginia Woolf, adalemba buku pa nkhani yomweyi. Iye adaona kuti akazi a kwawo ankalephera kulemba chifukwa chosowa ndalama zawozawo ndi malo abata okhalapo okha. Kwathu kuno tinganene kuti mayi akusowa kope, cholembera, nyali ndi ola limodzi lopanda womuitana.

Chifukwa chachitatu ndi mantha. Mkazi wolankhula poyera amatchedwa wamwano. Mkazi wolemba amafunsidwa kuti, "Ukulembera yani?" Ena amaganiza kuti akulembera chibwenzi. Zimenezi sizichitika kuno kokha. Mayi wina wa ku Nigeria, Buchi Emecheta, atalemba buku lake loyamba ali ku London, mwamuna wake adatentha mapepala onse. Mayiyo sadataye mtima. Adalilembanso bukulo, ndipo lidatuluka mu 1976. Adalera yekha ana asanu, nalemba mabuku oposa 20.

Tiyang'anenso zifukwa zitatuzi: sukulu, nthawi, mantha. Palibe ngakhale chimodzi chimene chili m'mutu mwa mkazi. Zonse zili kunja, ndipo adaziika ndi anthu. Chimene anthu adaika, anthu angathenso kuchichotsa.

AMAYI A M'DZIKO LATHU AMENE ADALEMBA

Tsopano timve za amayi atatu a ku Mozambique amene adadutsa zopinga zimenezi. Onse atatu adalemba m'Chipwitikizi, chifukwa ndicho chinenero chimene adaphunzira kusukulu.

Woyamba ndi Noémia de Sousa. Adabadwa mu 1926 ku Catembe, kutsidya kwa doko la Maputo. Ndakatulo zake zotchuka adazilemba pakati pa 1948 ndi 1951, ali mtsikana wa zaka zongopitirira 20. Zina zidatuluka m'nyuzipepala yotchedwa O Brado Africano. Ankalemba za kuzunzika kwa anthu akuda pansi pa atsamunda, za amuna obwerera kumigodi ya ku Joni ndi za akazi osauka a m'tauni. Nthawi zina ankasaina dzina lobisalira lakuti Vera Micaia. Mu 1951 adachoka m'dziko muno kupita ku Lisboa. Ndakatulo zake zidayenda m'manja mwa anthu zaka zambiri, wina kukopera mnzake. Zidasonkhanitsidwa kukhala buku mu 2001, patapita zaka 50. Bukulo dzina lake ndi Sangue Negro, ndiye kuti magazi akuda. Noémia adamwalira mu 2002. Lero amatchedwa mayi wa alakatuli a ku Mozambique.

Wachiwiri ndi Lília Momplé. Adabadwa mu 1935 pa chilumba cha Ilha de Moçambique, m'chigawo cha Nampula. Buku lake loyamba, Ninguém Matou Suhura, ndiye kuti palibe adapha Suhura, lidatuluka mu 1988, iye ali ndi zaka 53. Muli nkhani zifupizifupi za nkhanza za nthawi ya atsamunda. Pambuyo pake adatsogolerapo bungwe la alembi a mabuku a m'dziko muno. Lília adanena kuti amene adamupatsa chikondi cha nkhani ndi agogo ake aakazi. Agogowo sankadziwa kulemba kapena kuwerenga, koma ankadziwa kukamba nthano. Pamenepa tikuona zinthu ziwiri. Luso lidachokera kwa gogo wosaphunzira sukulu. Ndiponso palibe msinkhu umene munthu angati wachedwa kuyamba.

Wachitatu ndi Paulina Chiziane. Adabadwa mu 1955 ku Manjacaze, m'chigawo cha Gaza, nakulira m'midzi yozungulira mzinda wa Maputo. Kunyumba ankalankhula Chichopi ndi Chironga. Chipwitikizi adachiphunzira kusukulu ya amishoni. Mu 1990 adatulutsa Balada de Amor ao Vento. Aka kadali koyamba kuti mkazi wa ku Mozambique atulutse buku la nkhani imodzi yaitali. Mu 2002 adatulutsa Niketche, nkhani ya mitala. M'bukumo mayi wotchedwa Rami amazindikira kuti mwamuna wake ali ndi akazi ena. Poyamba amamenyana nawo. Kenaka akaziwo amagwirizana, amathandizana kuyamba malonda, ndipo aliyense amaima payekha. Mu 2021 Paulina adalandira mphotho ya Camões, imene maiko a Portugal ndi Brazil amapereka kwa alembi a Chipwitikizi. Iye ndiye mkazi woyamba wa mu Africa kuilandira. Ngakhale zili choncho, iye amakonda kudzitcha wokamba nthano, pokumbukira nthano za pamoto zimene adamva ali mwana.

Kwa anansi athu a ku Malawi njira idali yomweyo. Walije Gondwe, wobadwa mu 1936 m'boma la Mzimba, adatulutsa buku lake la Chingerezi lotchedwa Love's Dilemma mu 1985, ndipo amadziwika kuti ndiye mkazi woyamba wa ku Malawi kutulutsa buku la mtundu umenewu. Tiwerengere tokha: kuchokera pa Nthondo mu 1933 kufika 1985 padapita zaka 52.

KODI MKAZI AMALEMBA MOSIYANA NDI MWAMUNA?

Funso limeneli ophunzira kwambiri amatsutsana nalo mpaka lero. Ife tiliyankhe motere. Luso losankha mawu silisankha mwamuna kapena mkazi. Alipo abambo aluso ndi abambo opanda luso. Alipo amayi aluso ndi amayi opanda luso. Chimene chimasiyana ndi zimene aliyense waona pa moyo wake.

Bambo salowa m'chikuta. Sadziwa zimene amayi amakambirana panjira ya kumjigo. Sadziwa mtima wa mayi amene wagona kuchipatala kuyembekezera tsiku lake, akuganiza za ana amene wawasiya kunyumba. Nkhani ya mitala abambo amaikamba pamowa, koma Paulina Chiziane adaikamba monga aionera mkazi amene wagona yekha usiku. Chimodzimodzinso, alipo malo amene abambo adapondako amayi osafikako.

Mfumu yabwino siweruza mlandu itamva mbali imodzi. Mtundu umene mabuku ake onse adalemba abambo uli ngati mlandu womvedwa mbali imodzi. Adzukulu athu akadzawerenga adzadziwa theka chabe la moyo wathu.

Koma tisalakwitse n'kuganiza kuti mkazi ayenera kulemba za kukhitchini ndi za ukwati zokha. Taona kuti Noémia adalemba za migodi ndi za ufulu. Lília adalemba za ulamuliro wa atsamunda. Mayi winanso, Lina Magaia, adalemba za nkhondo m'buku lake Dumba Nengue mu 1987. Mayi wa ku Tsangano angathe kulemba za mtengo wa feteleza, za msewu woonongeka, za malire a munda, kapena za usiku umene adathawa nkhondo ana ali m'manja.

ZIMENE ZIKUTAYIKA

Nkhaniyi ndi yofulumira. Masiku ano chigayo chafika m'midzi yambiri. Tikuthokoza, pakuti chapeputsa ntchito ya amayi. Koma pachigayo saimba. Mtondo ukakhala chete, nyimbo zake zimayamba kuiwalika. Madzulo ana amazungulira wailesi kapena foni m'malo mozungulira agogo. Gogo mmodzi akamwalira, nthano zimene sadapatse munthu zimalowa naye m'manda. Aliyense wa ife adzifunse: mwa nyimbo zimene amayi anga ankaimba, ndikukumbukira zingati mpaka kumapeto?

Pali chinanso. Nyimbo ya pamtondo imayenda, koma dzina la woipeka limatsala m'mbuyo. Timangoti "nyimbo ya makolo." Nyimbo ikalembedwa, dzina la mwini wake limayenda nayo.

Mwayi tili nawo. Kale ankati chinenero chathu sichingalowe m'kalasi. Koma kuyambira 1993 mpaka 1997 boma lidayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi m'sukulu zina za chigawo chathu cha Tete, ndipo mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri adakhazikitsidwa m'dziko muno. Ana amene akuphunzira kuwerenga chinenero chawo akufuna zowerenga. Kodi adzawalembera ndani tikapanda ife?

TICHITENJI?

Palibe amayamba ndi buku. Akulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Nazi zimene tingachite:

1. Mayi aliyense akhale ndi kope lakelake, losiyana ndi la ana asukulu. Alisunge m'pepala lapulasitiki kuopa chiswe ndi mvula.

2. Tiyambe ndi zimene tikudziwa kale. Tilembe nyimbo imodzi ya pamtondo monga timaiimbira. Pansi pake tilembe dzina la amene adatiphunzitsa, mudzi wake ndi chaka chimene talemba.

3. Tikhale pansi ndi agogo. Iwo azikamba, ife tizilemba. Tikatha tiwawerengere kuti atikonze.

4. Kenaka tipeke zathu. Mizere inayi yakwana tsiku limodzi. Tisaope kulakwitsa zilembo. Zilembo aphunzitsi adzakonza, koma nkhaniyo palibe angaidziwe koposa mwini wake.

5. Titsanzire nzeru ya pamtondo. Tikamadzudzula khalidwe loipa, tisatchule dzina la munthu. Ndipo zinsinsi za kutsimba tisazilembe popanda chilolezo cha anamkungwi.

6. Tiwerengerane. Amayi atatu kapena anayi amene amasinja pamodzi angathenso kuwerengerana zimene alemba. Mutu umodzi susenza denga.

Abambo, nanunso muli ndi mbali yanu. Mayi akatenga kope, musamufunse mwaukali kuti akulembera yani. Mupempheni akuwerengereni. Mtengereni mwana kwa ola limodzi. Pogula mafuta a nyali kapena mabatire a tochi, kumbukirani kuti kuwala kumeneko n'kwa banja lonse. Ndipo mwana wamkazi apite kusukulu monga apitira wamwamuna. Mawu amene mkazi wanu adzalemba adzawerenga ndi adzukulu anu omwe.

TIWERENGE MOKWEZA

pe-ka, ku-pe-ka, a-ma-pe-ka
le-mba, ku-le-mba, a-le-mbe
mto-ndo, nyi-mbo, ntha-no

Amayi amapeka nyimbo.
Agogo amakamba nthano.
Ife tilemba kuti zisatayike.

MAWU OTI TIWADZIWE

Kupeka: kutulutsa nyimbo kapena nkhani yatsopano.
Ndakatulo: mawu osankhidwa bwino, oikidwa m'mizere, okoma kuwamva.
Mlakatuli: munthu wopeka ndakatulo.
Kuphiphiritsa: kunena chinthu mobisa kuti anzeru okha amve.
Mphotho: chimene munthu amalandira chifukwa chogwira bwino ntchito.

MAFUNSO

1. Kodi kupeka ndi kulemba zikusiyana bwanji?
2. Tchulani malo atatu amene amayi amapekerapo nyimbo m'mudzi mwanu.
3. Tchulani zifukwa zitatu zimene zidaletsa amayi ambiri kulemba mabuku.
4. Noémia de Sousa adachoka m'dziko muno mu 1951. Buku lake lidatuluka mu 2001. Padapita zaka zingati?
5. Kodi Lília Momplé adaphunzira kwa yani kukonda nkhani?
6. Kodi buku la Niketche likukamba za chiyani?

TIKAMBIRANE

Mwa zopinga zitatu zija, sukulu, nthawi ndi mantha, chachikulu n'chiti m'mudzi mwathu? Amayi ayambe kuyankha, abambo amvetsere. Kenaka abambo ayankhe, amayi amvetsere.

NTCHITO YA KUNYUMBA

Amayi: lembani nyimbo imodzi imene mudaphunzira kwa amayi anu kapena agogo anu. Lembani dzina lawo pamwamba, dzina lanu pansi.

Abambo: pemphani mayi wachikulire wa m'banja mwanu akukambireni nthano imodzi. Ilembeni m'mizere isanu, ndipo musaiwale dzina la mwini nthanoyo.

Tidzawerengerana tikadzakumananso.